Anthu a ku Likoma ndi ku Ruarwe nawonso amalipira msonkho wa msewu

Mwini boti wa ku Likoma akagula petulo wothira mu injini yake, pa mtengo wa lita iliyonse pamakhala kangachepe kopita ku thumba lokonzera misewu, lija limasungidwa ndi Roads Fund Administration. Msodzi wa ku Chizumulu amalipira. Mayi wa geni ya usipa wa ku Ruarwe amalipiranso, chifukwa mtengo wa mafutawo umalowa mu ndalama imene amapereka pokwera boti. Ndalamazo zimakakwirira maenje pa M1 ndi M5, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma msewu umene anthu amenewa amayendapo tsiku ndi tsiku ndi madzi, ndipo chimene chimabwerera kwa iwo n'chochepa kwambiri. Maganizo anga ndi akuti njira ya panyanja, kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba, boma liziiwerenga ngati msewu wake, liziiikira ndalama chaka ndi chaka ngati msewu, ndipo lileke kuifunsa kuti yapanga phindu lanji.

Ambiri a ife a kumtunda nyanjayi timaidziwira pa Khirisimasi, tikapita kukasambira ku Salima kapena ku Mangochi. Timaiona ngati malo opumulirako. Munthu wa m'mbali mwa nyanja amaiona mwina. Kwa iye ndi njira ya kuchipatala, ya kusukulu ya sekondale, ya kumaliro, ya kukatenga malipiro kubanki, ya kukaoda sopo ndi shuga wa mu okala. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo kumpoto kwa Nkhata Bay mapiri amatsetsereka mpaka kugwera m'madzi, moti midzi inapanikizika pakati pa phiri ndi gombe. Ku Usisya msewu ulipo, koma ndi wotsetsereka moopsa, ndipo mvula ikagwa galimoto zambiri zimaukana. Ku Ruarwe galimoto sifika. Umapita pa boti kapena wapansi. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo kuchoka ku Likoma kufika ku Nkhata Bay ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70 a madzi okhaokha. Bwalo la ndege ku Likoma liliko, koma mphunzitsi wa pulayimale sakwera ndege pokaona mwana wake ku Mzuzu.

Chimene chagwirizira madera onsewa kwa zaka zoposa 70 ndi sitima imodzi. Ilala inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow. Anaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Beira, n'kuikweza njanji mpaka ku Chipoka, ndipo itatha kulumikizidwa inayamba kuyenda mu 1951. Ndi yaitali mamita 52. Mwachizolowezi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, n'kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe mpaka kukafika ku Chilumba, kenaka n'kubwerera chapakati pa sabata. Ndiye kuti malo alionse a pakati pa njira imadutsapo kawiri pa sabata: kamodzi ikupita kumpoto, kamodzi ikubwerera kummwera. Ikakuphonya, dikira. Amisiri a ku Monkey Bay amene aisunga yamoyo nthawi yonseyi ndi oyenera ulemu waukulu, pakuti sitima zinzake za msinkhu umenewu m'maiko ambiri zinaphwasulidwa kalekale. Koma luso la amisiriwo lasanduka chophimba cha atsogoleri. Chifukwa Ilala siifa, palibe amene akufulumira kuipezera mlowam'malo.

Amene sanakwerepo ayenera kudziwa mmene kukwera kumakhalira, chifukwa vuto lalikulu lagona pomwepo. Madoko enieni, oti sitima n'kugunda pa jeti anthu n'kulowa akuyenda, ndi owerengeka. Malo ngati Nkhotakota, Usisya ndi Ruarwe, Ilala imaponya nangula patali ndi gombe, n'kutsitsa maboti ake ang'onoang'ono kuti akatenge anthu. Munthu amalowa m'madzi, mwina ofika m'mawondo, mwina m'chiuno, katundu ali pamutu, n'kukwera boti lodzaza kale. Akafika pa sitima akwere makwerero achitsulo boti likuvina ndi mafunde, kumbuyo anthu akukankha, pamwamba ena akutsitsa matumba a chimanga, malata, simenti, makireti a zakumwa. Nthawi zina zonsezi zimachitika usiku, pakuti sitima siisankha ola lofikira. Tsono taganizani za gogo wa ndodo, mayi woyembekezera amene achipatala amutumiza kumtunda chifukwa mimba yavuta, kapena banja lomwe lanyamula bokosi la maliro. Anthu a ku Likoma anakhala akukwera motere kwa mibadwo, pa chilumba chimene chili ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe anayamba kuchimanga mu 1903. Makolo anakwanitsa kumanga nyumba ya Mulungu yaikulu chotero ndi manja, koma maboma otsatizana anatha zaka makumimakumi osawamangira poti akwerere sitima mapazi ali ouma.

Kusowa jeti kumadyanso nthawi. Sitima imene ikanaima ola limodzi imatha maola ambiri maboti akupita n'kubwera, ndipo kuchedwa kwa pa doko limodzi kumakankhira madoko onse akutsogolo. N'chifukwa chake anthu amagona pamchenga kudikira, ana ali kumsana, osadziwa ngati ifike madzulo kapena m'bandakucha. Tinazolowera kuseka kuti Ilala ilibe wotchi. Ine sindiona choseketsa. Wodwala amene wagona pa gombe usiku wonse mu June, mphepo ikuwomba, matenda ake amawonjezeka asanaonane n'komwe ndi dokotala.

Ilala ikalowa pokonzedwa, monga imachitira nthawi ndi nthawi, ndi pamene timaona poyera mmene zinthu zilili. Mu 2012 inaima kwa miyezi yambiri poiika mainjini atsopano, ndipo inabwerera mu 2013. Moyo wa pa zilumba sunaime kuidikira. Ana anayenera kubwerera kusukulu, odwala anayenera kupita ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu, masitolo anayenera kudzaza. Onsewo anatsamira pa maboti amatabwa a injini imodzi. Maboti amenewa ndi amene amanyamula anthu ambiri panyanjayi ngakhale Ilala ikuyenda. Mukaima pa gombe la Nkhata Bay m'mawa mudzaona chipwirikiti chake: maboti a anthu akuchokera m'midzi ya kumpoto, mabwato a asodzi akubwera ndi usipa wa usiku, ena akukweza ufa ndi mafuta opita kuzilumba, ana akusambira pakati pa zonsezo. Usiku nyanja imadzaza nyali za asodzi, makoka atayalidwa, ndipo boti la anthu limadutsa pakati pawo nthawi zambiri lopanda nyali yakeyake.

Ngozi ikachitika, mawu amene timamva ndi omwe aja: boti linadzaza mopyola muyezo, anthu analibe majekete odzitetezera pamadzi, mwini boti ndi wadyera. Zimakhala zoona ndithu, ndipo mwini boti amene amakweza anthu mpaka madzi kutsala pang'ono kulowera m'mbali ayenera kuyankha mlandu. Koma tizifunsanso chimene chimachititsa mayi wanzeru zake kukwera boti lomwe akuliona ndi maso ake kuti ladzaza. Amakwera chifukwa lina kulibe, ndipo lotsatira mwina ndi mawa, mwina mkuja. Mwini boti naye amadzaza chifukwa mafuta a ulendo wautali chotero sangabwezedwe ndi anthu khumi. Kudzaza ndi mwana wa kusowa. Ukamanga mwini boti mmodzi osawonjezera njira ina, anthu omwe aja adzaunjikana mu boti lotsalalo.

Ndipo nyanjayi si thamanda. Ndi yakuya mamita oposa 700 chakumpoto, ndipo mphepo ya mwera, imene imawomba kuchokera kummwera chakummawa m'miyezi yozizira, imakhala ndi mtunda wautali wodzutsira mafunde isanafike ku Nkhata Bay ndi ku Rumphi. Bishopu Chauncy Maples anamira mu 1895 boti lake litagubuduzika ndi mphepo chakufupi ndi Salima, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya, yatsopano, yachitsulo, inagubuduzika kumpoto kwa nyanja n'kupha anthu 145. Mu April 2017, pa nyengo ya Pasaka, boti lonyamula anthu ochokera ku mapemphero linagubuduzika chakufupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi, dera lina la midzi yodalira madzi. Ngati mwera unagwetsa Vipya, boti lamatabwa lodzaza ndi matumba a simenti lingalimbe bwanji? A zanyengo amachenjeza pa wailesi kuti kukubwera mwera, ndipo amachita bwino. Koma chenjezo limathandiza munthu amene angathe kudikira. Amene mwana wake wakomoka ndi malungo sadikira.

Ndikudziwa chimene a zachuma anganene. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Likoma lili ndi anthu osafika 15,000. Sitima yatsopano ndi yodula, imafuna ndalama zakunja zomwe dziko lilibe, ndipo matikiti a anthu osauka sangaibweze. Kodi si nzeru kuika ndalamazo pa msewu wa ku Lilongwe umene amadutsapo anthu zikwizikwi pa tsiku? Funsoli ndi lolemera ndipo sindikulipeputsa. Koma muyezo umenewu sitiugwiritsa ntchito pena paliponse. Mlatho wa kumudzi ukakokoloka, palibe amene amawerenga ngati anthu owolokapo adzabweze mtengo wa simenti. Sukulu ya pulayimale siipanga phindu. Msewu wafumbi umene amaupala chaka chilichonse sulipiritsa aliyense. Timachita zimenezi chifukwa nzika iyenera kufika kuchipatala ndi kumsika, kaya ikukhala pati. N'chifukwa chiyani madzi okha ndi amene timawauza kuti adzidyetse okha? Komanso nambala ya 15,000 ija ndi yosocheretsa, chifukwa njirayi si ya Likoma yokha. Ndi ya midzi yonse ya m'mphepete mwa Nkhata Bay ndi Rumphi, ya amalonda a nsomba a ku Nkhotakota, ya abale athu a ku Cobue ndi Metangula, ku Mozambique, amene timakwatirana nawo, kuikirana maliro ndi kugulitsana chinangwa.

Ku Scotland komwe Ilala inabadwira, nkhani imeneyi anaithetsa mwanjira imene ingatiphunzitse. Sitima zopita ku zilumba za kumadzulo kwa dzikolo zimayendetsedwa ndi Caledonian MacBrayne, kampani ya boma, ndipo boma limaiwonjezera ndalama chaka chilichonse. Anakhazikitsanso ndondomeko yotchedwa Road Equivalent Tariff, imene anaiyesa koyamba mu 2008, yoti mtengo wa tikiti uziyerekezedwa ndi zimene munthu akanawononga poyenda mtunda womwewo pa msewu. Mfundo yake ndi yakuti munthu asalangidwe chifukwa chobadwira pa chilumba. Scotland ndi dziko lolemera, inde, ndipo sitingafanane nalo pa kukula kwa thumba. Koma mfundoyo siifuna chuma kuti uivomere. Imafuna kuti pogawa kochepa komwe tili nako, njira ya pamadzi ikhale ndi mzere wakewake mu bajeti.

Ena amati yankho ndi kupereka zonse kwa makampani. Tinayesa. Mu 2010 boma linapereka ntchito za sitima zapanyanja kwa Malawi Shipping Company, ya kampani ya Mota-Engil. Panabwera sitima ya Chilembwe, yocheperapo ndi yothamangirapo, koma msana wa ulendo wonse unakhalabe Ilala ya 1951. Sindidabwa nazo. Kampani iliyonse imawerenga ndalama, ndipo kuima pa Ruarwe kukatenga anthu ochepa ndi madengu a usipa sikungakomere wowerengera ndalama aliyense. Kampani ikhoza kuyendetsa sitima bwino, mwinanso kuposa boma, koma pokhapokha boma litailipira poyera chifukwa choima m'malo osapindulitsa, ndi kulemba mu mgwirizano kuti sitima ikaima pakhale ina yolowa m'malo. Kupereka njira yonse kwa kampani n'kusamba m'manja ndi kuthawa udindo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti chaka chomwecho cha 2010 tinaonetsa kuti tikafuna, ndalama za doko zimapezeka. Mu October chaka chimenecho Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje, alendo ake ali Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, ndi loto loti sitima zizichokera ku nyanja ya mchere kudzera mu Zambezi ndi Shire. Lotolo silinali lopusa. Dziko lopanda gombe la nyanja yaikulu limalipira zambiri pa katundu aliyense. Koma njirayo imadutsa m'dziko la eni, Mozambique sinavomere, ndipo simenti ija ili pomwepo osagundidwa ndi sitima. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Njira ya pa Nyanja ya Malawi inali kale m'manja mwathu, anthu ake ali pa gombe akudikira, osafuna chilolezo cha boma lina lililonse. Gawo chabe la khama lomwe linapita ku Nsanje likanamanga majeti angapo kumpoto.

Anansi athu sanagone. Tanzania inapanga sitima zake pa nyanja yomweyi, za katundu Njombe ndi Ruvuma ndi ya anthu Mbeya II. Mozambique ili ndi sitima yake yotchedwa Chambo. Timakonda kukweza mawu pa nkhani ya malire a nyanja pakati pa ife ndi Tanzania, ndipo mbiri ili kumbali yathu kuyambira pa pangano la Heligoland la 1890, la pakati pa Britain ndi Germany. Koma umwini umaonekanso ndi amene akuyenda pamadzipo, amene akutumikira anthu a m'magombe, amene amafika msanga boti likagubuduzika.

Za katundu ndingodutsapo. Njanji imakumana ndi nyanja pa Chipoka, ndipo n'chifukwa chake dokolo linamangidwa pamenepo. Lole yaikulu imanyamula matani 30. Sitima ya matani 600 yachotsa malole 20 pa msewu wa Chiweta. Feteleza wopita ku Karonga, mpunga wochokera komweko, shuga wa ku Dwangwa, zonsezi ndi katundu wolemera wosafuna liwiro. Ndalama imene tingaike pa madoko ikhoza kubwerera ndi misewu yochedwa kukumbika.

Tiyambire pati? Ine ndikanayamba ndi majeti, sitima yatsopano isanabwere n'komwe, chifukwa jeti imathandiza aliyense: Ilala, boti lamatabwa, boti la ambulansi. Asakhale madoko akuluakulu odulirapo riboni. Akhale olimba, ndipo omangawo akumbukire kuti madzi a nyanjayi amakwera ndi kutsika. Zaka zina anaphwera moti sitima zinkavutika kufika pa Chipoka, pomwe mu 2024 anakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Jeti yomangidwa mongoyang'ana madzi a chaka chimodzi idzakhala pamtunda kapena pansi pa madzi zaka zisanu zisanathe. Pambuyo pa majeti, sitima ziwiri zapakatikati zikanatithandiza kuposa imodzi yaikulu. Ina iziyenda pakati pa Nkhata Bay, Chizumulu ndi Likoma kangapo pa sabata, ina izitsata gombe la kumpoto, ndipo ina ikadwala inzake igwire ntchito. Ulendo wautali wa sabata yathunthu unali woyenera mu 1951, pamene misewu ya m'mbali mwa nyanja kunalibe. Lero munthu wa ku Monkey Bay wopita ku Nkhotakota amakwera minibasi. Amene akufunikiradi sitima ndi a m'malo opanda msewu, ndipo amaifuna pafupipafupi.

Pali anthu, makamaka a zokopa alendo, amene amamva chisoni akamva zoti Ilala ipume. Ndimawamvetsa. Sitimayi ndi yokongola, ndipo mlendo amene wakhala pamwamba pake dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri a Viphya sadzaiwala. Isaphwasulidwe; ikhoza kunyamula alendo mwakachetechete kapena kusungidwa ngati mbiri pa Monkey Bay. Koma mlendo wa pamwambayo ndi mayi wa pansi, amene wakhala pa thumba la ufa pafupi ndi kutentha kwa injini, sali pa ulendo umodzi. Chikondi chathu pa sitima yakale chisakhale chifukwa chomuumiriza mayiyo kuyenda ngati mmene ankayendera agogo ake.

Maboti amatabwa sadzatha, ndipo sayenera kutha, chifukwa amafika pa magombe pomwe sitima singafike. Ofunika ndi malamulo oti anthu angathe kuwatsata. Dipatimenti yoona za maulendo apamadzi ilipo, sukulu yophunzitsa amalinyero ili ku Monkey Bay, koma woyendera maboti sangakhale pa gombe lililonse. Amene ali pa gombe lililonse ndi makomiti a m'magombe, aja amathandiza kale a zausodzi, pamodzi ndi mafumu. Apatsidwe kaundula, kuti boti lisananyamuke alembe maina a okwera. Zimapweteka kuti ngozi ikachitika timatha masiku tikukangana kuti munali anthu angati, mabanja akuyendayenda pa gombe osadziwa ngati m'bale wawo anakwera. Boti lililonse lonyamula anthu lijambulidwe mzere m'mbali mwake, woti madzi akaufika aliyense aone yekha kuti ladzaza, ndipo okwerawo akhale ndi mphamvu yokana. Majekete achotseredwe msonkho ndipo azisungidwa pa gombe, kubwerekedwa ponyamuka ndi kubwezedwa pofika, chifukwa kuuza mwini boti kuti agule majekete 40 ndi ndalama zake n'kumuuza kuti aphwanye lamulo. Woyendetsa boti aphunzitsidwe kwa masabata ochepa kwawo konko, m'Chitonga, m'Chitumbuka kapena m'Chinyanja cha ku Likoma, osati kumuitanira ku Monkey Bay. Ndipo ku Nkhata Bay, ku Likoma ndi ku Chilumba kukhale boti lopulumutsira anthu lomwe lili ndi mafuta m'thanki, ndi nambala ya foni imene mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja akuidziwa pamtima.

Zonsezi zimafuna ndalama yodziwika, yobwera chaka chilichonse, osati yodikira wopereka thandizo kapena chaka cha chisankho. Apa ndi pamene aphungu a Likoma, Nkhata Bay, Rumphi, Karonga, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi ayenera kuyankhula ndi mawu amodzi, posayang'ana chipani. Pokambirana bajeti ikubwerayi apemphe kuti lamulo la thumba la misewu lisinthidwe, kuti gawo la msonkho wa pa mafuta lizipita ku majeti, ku zizindikiro ndi nyali za panyanja, ku maboti opulumutsira anthu, ndi kulipirira maulendo a ku midzi yopanda msewu. Ndipo nduna ya zamtengatenga iuze Nyumba ya Malamulo chaka chimene Ilala idzapume, ndi sitima zimene zidzakhale zili pamadzi tsiku limenelo lisanafike.